Khutu la Kumanzere la Bishopu

Anthu adayamba kuwatchula kuti Bambo Kaundula akadali wansembe wamng'ono, kolala yawo isanayambe kuchita chikasu m'mphepete. Dzinali lidabadwira pa khomo la tchalitchi. Misa ikatha, Bambo ankaima pa khomopo, ndipo aliyense wotuluka ankamugwira chanza n'kumutchula dzina lake lenileni, kenaka n'kumufunsa za mwendo wotupa uja, za mwana amene adalephera mayeso, za denga lidasasuka ndi mphepo lija. Ngakhale munthu wongoonekera kamodzi pa chaka ankachoka pamenepo akudzimva ngati ndiye adamanga tchalitchicho.

"Awa ndiye abusa," ankatero anthu. "Nkhosa zawo amazidziwa ndi mayina omwe."

Akazi awo, amene mpingo wonse unkangowatchula kuti Amayi, ankamva zimenezi ataima kumanzere kwa Bambo, chakumbuyo pang'ono, chikwama chili m'khwapa. Ankamwetulira monga ayenera kumwetulira mkazi wa wansembe. Koma zoona zake n'zakuti Bambo nkhope za anthu sankazisunga n'komwe. Ankatha kudya ndi munthu lero, mawa lake n'kumufunsa ngati ali mlendo. Mavesi ankatuluka m'kamwa mwawo ngati madzi a pampopi, koma nkhope ayi. Kaundula weniweni anali Amayi. Munthu akamayandikira, Bambo ankapendeketsa mutu ngati akukonza kolala, khutu la kumanzere n'kutsika, Amayi n'kuthiramo dzina ndi kanthu kamodzi kokha: wamasiye, mwamuna adapita ndi shuga, kalipentala, adakwiya nkhani ya mabenchi. Milomo yawo sinkaoneka kugwedera. Luso limeneli adaliphunzira m'parishi yoyamba, ndipo palibe amene adawagwirapo.

Poyamba zinali zosangalatsa. Akabwerera kunyumba ankaseka awiriwiri, Bambo akuvula nsapato, Amayi akuwakumbutsa momwe adatsala pang'ono kupepesa maliro kwa munthu wongokwatira kumene. "Mutu umodzi susenza denga, mayi," ankatero Bambo. Masiku amenewo ankadziwa kuthokoza.

Kenaka kudabwera misamuko. Parishi ya kumapiri, kumene nyumba inkadontha pamwamba penipeni pa bedi. Parishi ya pafupi ndi njanji, kumene ulaliki unkaima kaye sitima ikamadutsa. Parishi ya m'tauni, ya anthu a magalimoto, amene ankayang'ana nsapato za mkazi wa wansembe asanayang'ane nkhope yake. Kabati yawo ya mbale idataya galasi pa msamuko wachiwiri, idathyoka mwendo pa wachinayi. Kulikonse kumene afika, Amayi ankayamba ntchito katundu asanamasulidwe: kuyenda m'makomo, kukhala m'makhitchini, kumvetsera, kusunga. Pakangopita mwezi, anthu a kumeneko nawonso ankayamba kudabwa ndi mutu wa Bambo Kaundula. Ndipo pang'ono ndi pang'ono Bambo adayamba kukhulupirira okha kuti mutuwo ndi wawodi. Khutu linkatsika lokha, monga phazi limapezera sitepe ya pakhomo lake. Zikomo uja adatha osadziwika tsiku lake.

Adali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi. Adabadwa wochepa thupi koma wa mawu, ndipo Bambo eni ake ndiwo adamupatsa dzina la pakhomo lakuti Kampheta. Ankamunyamula paphewa popita kukaliza belu. Atakula, Kampheta ndiye ankatsogolera kwaya, ndipo akakweza mawu, amayi achikulire ankaleka kudzipepesa ndi mapepala a nyimbo.

Chaka chimene Bishopu wakale adalengeza zopuma, dzina la Bambo Kaundula lidali pakamwa pa aliyense. Chaka chomwechonso Kampheta adapezeka ndi pathupi. Mwini wake, mphunzitsi wina woimba besi m'kwaya momwemo, adapempha kusamutsidwa ndipo sadaonekenso.

Amayi adaganiza kuti nkhaniyi ikhala ya m'nyumba, yolira chitseko chili chotseka. Koma anthu okonda mpando sagona tulo, ndipo ansembe ena amene ankaufunanso adali atayamba kale kunong'ona kuti wolephera nyumba yake sangasunge dayosizi. Bambo adaganiza zowatseka pakamwa. Lamulungu lina, pa nthawi ya zolengeza, pakati pa nkhani ya kusesa ndi ya msonkhano wa amayi, adawerenga okha dzina la mwana wawo, kuti waimitsidwa m'kwaya ndiponso pa guwa. Mawu awo sadanjenjemere. Kampheta adali pa benchi lachitatu, ndipo adamva zimenezi koyamba pamodzi ndi mpingo wonse.

Anthu adatuluka akupukusa mitu mogoma. "Munthu wa chilungamo uyu. Sakondera ngakhale magazi ake." Pa khomo tsiku limenelo mzere udali wautali kuposa masiku onse, ndipo Amayi adaima kumanzere, maso ali psuu, akuthira mayina m'khutu. Sadaphonye ngakhale limodzi. Chimenechi chimawanyansa mpaka lero.

Kampheta adachoka m'mawa wina ndi sutikesi ya buluu. Bambo adati akakhale kaye kwa azakhali ake mpaka zinthu zizizire. Zinthu zidaziziradi: Bambo adasankhidwa, adavekedwa chisoti ndi mphete, adapatsidwa ndodo ya ubusa, ndipo Amayi adaphunzira kusita malaya ofiirira ndi kutchula mwamuna wawo kuti Ambuye pamaso pa anthu. Koma mwana sadaitanidwe. Poyamba akuti dikirani mwambo udutse. Kenaka akuti dikirani sinodi ithe. Kenaka dzina lake lidangoleka kumveka m'nyumba yaikuluyo, yokhala ndi zipinda zinayi zogona alendo.

Ntchito ya Amayi ndiyo idakula. Tsopano sikudali parishi imodzi koma dayosizi yathunthu, ansembe, akazi awo, ana awo, asungichuma, ndi onse amene adapatsako Bishopu nkhuku chaka china n'kumayembekeza kuti akukumbukabe. Bishopu sankayenda ulendo popanda Amayi, ndipo anthu ankati taonani chikondi.

Mwana wawo Amayi ankamuona mwakuba. Ankanena kuti akupita ku msonkhano wa bungwe la amayi, n'kutsika basi m'tauni ina yaing'ono, kumene Kampheta ankagulitsa m'sitolo ya mankhwala ndi kugona m'chipinda cha kuseri kwake. Chipindacho chinkanunkha sopo ndi makatoni. Mudali bedi limodzi, mbaula ya magetsi, ndi sutikesi ya buluu ija pamwamba pa kabati. Mdzukulu, mtsikana, adakulira m'menemo, akudziwa agogo ake aamuna pa kalendala ya mpingo basi. Kampheta sadaimbenso m'kwaya iliyonse. Kutchalitchi ankapita, n'kukhala benchi la kumbuyo, ndipo m'tauniyo palibe ankadziwa kuti ndi mwana wa yani.

Mdzukuluyo atafika msinkhu wosanjikidwa manja, nkhani idavuta, pakuti wosanjika manja ana ndi Bishopu yekha, ndipo Bishopu wa dera limenelo adali agogo ake.

"Ndimudikiritsa," adatero Kampheta, akuthira madzi m'ketulo. "Adzapume kaye, kudzabwere wina."

"Ayi, mwanangu. Mpata ndi umenewu."

"Mpata wa chiyani, amayi?"

Amayi adakoka mpando n'kutsitsa mawu, ngakhale m'chipindamo mudalibe wina. Adaulula chinsinsi chimene sadauzepo munthu, cha khutu la kumanzere. Kampheta adamvetsera, kenaka adaseka, kuseka kwake kwa kale kuja kokweza mapewa.

"Ndiye kuti Kaundula yense uja ndinu?"

"Ndine. Ndipo tamvera. Chimene ndaika m'khutu mwa bambo ako chimatuluka pakamwa asanachiganize n'komwe. Ukadzafika pa khomo, ine ndidzangoti, Kampheta. Adzalitchula. Adzalitchula pamaso pa wansembe wa pano, pamaso pa mpingo wonse, dzanja lako lili m'dzanja lawo. Madzi akatayika saoleka. Sangadzakukanenso."

Kampheta adasiya kuseka.

"Amayi, ine ndinachita kale manyazi kamodzi m'tchalitchi. Kawiri sindingathe."

"Ndikulonjeza."

"Musangolonjeza. Ine ndazolowera moyo wangawu. Mukandiimika pamzere paja ndi mwanayu, ndiye kuti mwandivula."

"Ndine mayi ako. Kodi ndinaphonyapo dzina chiyambire?"

Tsikulo lidafika. Tchalitchi cha m'tauniyo chidali chaching'ono, chopakidwa laimu wa dzulodzulo amene ankatsalira pa malaya a aliyense wotsamira khoma. Ana osanjikidwa manja adavala zoyera n'kugwada pamzere. Bishopu adakhala pa mpando patsogolo pa guwa, chisoti chili ngwi, wansembe wa pamalopo akuwauza dzina la mwana aliyense. Amayi, ali pa benchi loyamba, adaona manja a mwamuna wawo akutsikira pa mutu wa mdzukulu wawo, mphete ikuwala pakati pa tsitsi lolukidwa ndi Kampheta. Manjawo adakhalapo nthawi yofanana ndi pa mitu ina yonse, n'kupita pa mutu wotsatira.

Ulaliki udali wa mbusa amene adasiya nkhosa zonse kukafuna imodzi yotayika. Adaulalika bwino, pakuti kulalika kokha ankatha. Amayi adaumvapo ulaliki umenewu m'matchalitchi osawerengeka, ndipo ankadziwa pamene mawu atsike, pamene dzanja likwere, ndi pamene amayi a kumbuyo ayambe kubuula. Lero mawu aliwonse ankawalasa ngati minga ya m'nsapato.

Pa khomo adaima malo awo a masiku onse. Mzere udayamba kuyenda. Mkulu wa mpingo, mkazi wake ali m'chipatala. Mphunzitsi wamkulu wopuma, adataya mwana pa ngozi. Mayi wa maluwa a pa guwa, amakonda kuyamikiridwa. Khutu linkatsika, dzina linkalowa, Bishopu ankalitulutsa lili lofunda ngati lachokera mumtima, ndipo anthu ankachoka akugwira pachifuwa.

Kampheta adadikira mpaka onse atatha. Adabwera pomalizira penipeni, atavala diresi yobiriwira imene Amayi sadaionepo, yatsopano, yogulira tsiku limeneli. Dzanja lina adagwira mwana wake. Ankayenda mowongoka, koma Amayi adaona kuti chala chake chachikulu chikukanda m'mphepete mwa chikwama, monga ankachitira ali wamng'ono akamapita kukalandira jakisoni.

Khutu lidatsika.

Dzina lidali kale pa lilime. Koma Amayi adaliyang'ana khutulo, lokalamba, lomera tsitsi loyera m'kati, lotseguka ngati dzanja la wopempha, ndipo mkwiyo wa zaka zonse udakwera nthawi imodzi. Uyunso? Uyunso mpaka ndikuuzeni ndine? Mwana amene mudamunyamula paphewa, amene dzina lake mudalipeka nokha? A nkhuku ndi a mabenchi ndakudyetsani moyo wanga wonse, koma uyu yekha mumudziwe ndi maso anu. Mwangolalikira kumene za nkhosa yotayika. Nayi yaima apa.

Adatseka pakamwa.

Kudali kanthawi kochepa chabe. Bishopu adagwira dzanja la Kampheta, mutu uli chipendekere. Adaupendeketsanso pang'ono. Wansembe wa pamalopo adakhosomola. Amayi adaona zonsezi ndipo mtima unkawauza kuti nena, nena tsopano, koma nsagwada zidauma gwa, ndipo mbali ina ya mtima womwewo inkadikirabe kuti mwina, mwina aona yekha.

Bishopu adawongola mutu. Adali ndi mawu amene ankasungira anthu osadziwika, a pa maliro a kutali ndi pa misonkhano ya boma, ndipo adawatulutsa ndi kumwetulira konse.

"Mayi, Ambuye akudalitseni. Mwalera bwino mwanayu. Pitirizani kulimbika m'mpingo."

Kampheta sadawayang'ane bambo ake. Adayang'ana Amayi. Sadakwiye, sadalire, adangowayang'ana monga munthu ayang'anira sitepe imene yathyoka ataipondapo. Kenaka adapinda bondo pang'ono, monga achitira aliyense kwa Bishopu.

"Zikomo, Ambuye," adatero, n'kukoka mwana wake.

Amayi adamupeza pa geti, pafupi ndi mpopi umene ana a zoyera ankamwapo madzi akukankhana. Adathamanga, iwo amene sadathamangepo pamaso pa mpingo.

"Mwanangu, taima. Tiye tibwerere. Ndikanena tsopano lino, ndikanena mokweza."

"Musavutike, amayi."

"Ndinafuna kuti akudziwe okha. Ndinaganiza kuti..."

"Iwo sindikuwadabwa. Ndinawadziwa kale pa benchi lachitatu paja." Kampheta adakonza kolala ya diresi ya mwana wake, imene sidali yopindika. "Koma inu munabwera m'nyumba mwanga, munamwa tiyi wanga, munandiuza kuti ndinu mayi anga. Ndagula diresi, amayi. Mwanayu ndamuuza usiku kuti lero agogo ake amunyamula."

Mtsikanayo ankayang'ana pansi, akukumba dothi ndi nsapato yoyera.

"Ndibwera Loweruka," adatero Amayi. "Tidzakambirane bwinobwino."

"Musabwere. Misonkhano yanu ya amayi ija muzikachitira kwina."

Adatuluka pa geti osacheuka. Mtsikana yekha ndiye adacheuka kamodzi, osati kuyang'ana Amayi, koma chisoti chimene chinkaoneka pamwamba pa mitu ya anthu pa khomo la tchalitchi.

M'galimoto dalaivala adayatsa mphepo yozizira n'kukweza magalasi. Ankapita ku nyumba ya munthu wina wa bizinesi, kumene mpingo udakonza chakudya cha masana. Bishopu adavula chisoti n'kuchiika pa maondo, chitapindidwa. Pamphumi padatsala mzere wofiira. Adayang'ana kunja, kumene masitolo ankadutsa, ndipo sitolo ya mankhwala ija idadutsanso, chitseko chake chili chokhoma.

"Kampheta wawonda," adatero Bishopu.

Amayi adatembenuka pang'onopang'ono.

"Mwati chiyani?"

"Ndati wawonda. Kodi amadya mokwanira?"

"Munamudziwa?"

"Mayi, nkhope za anthu zimandivuta, inde. Koma mwana wanga? Ndamuona akulowa, Misa isanayambe. Amaponda ngati malemu mayi anga. Ndipo kamtsikanako kali ndi mphumi yanga."

"Nanga bwanji simunamutchule?"

Bishopu adasisita chisoti ndi chikhatho, kuchotsa fumbi limene padalibe.

"Ndimadikira inu. Ndinatsitsa khutu kawiri konse. Mukanangonena, ndikanatchula. Mutakhala chete, ndinati Amayi aona kuti pano si malo ake, anthu achuluka. Paja zoterezi mumazidziwa ndinu."

Adanena zimenezi mofatsa, mopanda chinyengo, ngati munthu amene akuyamikira mkazi wake. Ndicho chidawawa koposa. Zikadakhala kuti Bishopu adaiwaladi, Amayi akadakhala ndi munthu womuda. Koma apa adaona kuti pa khomo paja padaima nkhalamba ziwiri, iliyonse dzina la mwana lili m'kamwa, iliyonse ikudikira inzake, wina chifukwa cha mantha, wina chifukwa cha mkwiyo, mwana ali chiimire pakati ndi diresi yake yatsopano.

"Mwina chaka cha mawa," adatero Bishopu. "Ndikapuma. Zinthu zidzakhala zitazizira."

Amayi adafuna kukuwa, adafuna kuuza dalaivala kuti abweze galimoto, adafuna kutsegula chitseko n'kutsika ikuyenda. Adangogwira chikwama chawo ndi manja awiri. M'chikwamamo mudali kabuku ka mapemphero ka chikuto choyera kamene adagulira mdzukulu wawo, kokulungidwa bwino, ndipo adaiwala kukapereka pa geti.

Galimoto idakhota n'kulowa pa mpanda wa njerwa. Pabwalo padali matenti, mipando ya pulasitiki, ndi amayi a yunifolomu amene adayamba nyimbo atangoona galimoto. Bishopu adavalanso chisoti, adakonza mtanda wa pachifuwa. Bambo wina wonenepa, wa suti yothina m'khwapa, adathamangira kudzatsegula chitseko, nkhope yonse ili mano okhaokha, manja onse awiri atatambasula kale.

Khutu lidatsika.

Ndipo Amayi, asanaganize n'komwe, adamva milomo yawo ikugwira ntchito yake yosaoneka. Dzina la munthuyo lidatuluka lathunthu, losalala, pamodzi ndi la mkazi wake, ndi nkhani ya lole yake imene idagubuduka chaka chatha.